Kukonza pakhomo Khirisimasi isanafike: mafunso ndi mayankho kwa a kwathu okhala mu Harare

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, mafunso amayamba kubwera okha, kaya pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, kaya pamzere wa pamjigo, kaya pa WhatsApp. Mawu amasiyana koma nkhawa ndi imodzi: alendo akubwera, nyumba ndi yaing'ono, mpopi ndi wouma. Ndasonkhanitsa pano amene ndimawamva kawirikawiri. Ndikuyankha monga munthu amene walandira alendo a Disembala kwa zaka zambiri m'nyumba ya zipinda zinayi ku Mufakose, ndipo zina mwa izi ndinaziphunzira nditachita kaye manyazi.

Ndiyambe liti, nanga ndiyambire pati?

Yambani ana asanatsekere sukulu, chakumapeto kwa Novembala. Akangotsekera kumayambiriro kwa Disembala, nyumba si yanunso: mukakolopa uku, iwo apondaponda uko. Tsiku lomaliza kukonza musaliike pa 24. Kuno tchuthi chimayamba pa 22 Disembala, tsiku la Unity Day, ndipo kuyambira pamenepo makombi amadzaza, ku Mbare Musika kumasowa popondera. Ine ndimadziuza kuti pofika pa 20 zonse zikhale zatha, kutsale kupha nkhuku ndi kupaka polishi basi.

Poyambira ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timathamangira zimene mlendo amaona akangolowa, makatani, tinsalu ta pamipando, polishi wa pakhonde. Koma mlendo amene wagona masiku atatu sakumbukira makatani. Amakumbukira kuti anadzuka usiku n'kupeza m'chimbudzi mulibe ndi dontho lomwe. Yambani ndi denga, kenako madzi, moto, pogona ndi chakudya. Zokongoletsa zibwere kumapeto ngati mphamvu zatsala.

Denga likukhudzana bwanji ndi Khirisimasi?

Disembala kuno ndi mwezi wa mvula ya mabingu, ndipo chipinda chimene chimadontha n'chomwe chija mumasungiramo katundu chaka chonse, chomwenso mukufuna kugonekamo alendo. Mvula ikamagwa masana, zungulirani nyumba yonse muone podontha, mulembepo ndi choko kapena khala. Kukacha bwino, itanani woti amate. Nyumba zambiri zakale za ku Highfield, Mufakose ndi Mabvuku zili ndi denga la asbestos. Limeneli likakalamba limathyoka mosachenjeza, ndiye musatume mwana kukwerapo, ndipo musalipale kapena kuliboola louma chifukwa fumbi lake ndi loipa kumapapo. Ngalande ya kutsogolo kwa geti ichotseni mapepala ndi mchenga. Walira mvula walira matope, koma matopewo asalowe m'nyumba.

Mayi, kwathu mpopi umatuluka kamodzi pa sabata, mwinanso ayi. Anthu 12 ndiwasungira madzi ochuluka bwanji?

Tiyeni tiwerenge, chifukwa apa maso amanamiza. Munthu mmodzi, akamagwiritsa ntchito mosamala, amafuna malita 20 patsiku pa kumwa, kuphika ndi kusamba pang'ono. Anthu 12 ndi malita 240 patsiku. Masiku atatu a pa 24, 25 ndi 26 ndi malita 720, kutanthauza madilamu a malita 200 pafupifupi anayi. Apatu sitinawerenge kuchapa ndi chimbudzi. Amene ali ndi dilamu limodzi ndi zigubu zisanu n'kumati zatheka, adzapezeka ali pamzere wa pamjigo anzawo akudya mpunga.

Musataye mtima ngati madilamu anayi mulibe. Chofunika ndi kugawa madzi m'magulu atatu, gulu lililonse pamalo pake. Akumwa akhale m'zigubu zovundikira, m'khitchini, ndipo asatungidwe ndi kapu ya aliyense. Ophikira ndi osamba akhale m'dilamu. A chimbudzi ndi aja mwachapira zovala, mwatsukuluzira mbale, kapena a mvula. Ikani ndowa yakeyake pakhomo pa chimbudzi, ndipo uzani mlendo aliyense tsiku lomwe wafika. Si mwano. Wochokera ku Joni anazolowera kungokoka tcheni, sangadziwe mwa maloto.

Madzi a mvula ndi thandizo lalikulu mwezi uno. Oyamba kutsika padenga alekeni apite, amabwera ndi fumbi ndi zitosi za mbalame. Otsatirawo tcherani, muchapire ndi kukolopera.

Pa madzi akumwa ndiye sindinyengerera. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2008, ndi ija ya mu 2018 imene inavuta ku Glen View ndi ku Budiriro, pomwe zonyansa za m'mapaipi ophulika zinalowa m'zitsime ndi m'mijigo. Madzi oyera mbee m'maso akhoza kukhala ndi matenda. Awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena thiranimo WaterGuard monga alembera pabotolo, mudikire theka la ola musanamwe. Ngati wina watsegula m'mimba, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa pang'onopang'ono muli panjira yopita kuchipatala.

Chinanso, chimene sitikonda kuchitchula: madilamu ndi ndowa zikhale zovundikira nthawi zonse. Pakhomo pakadzaza anthu, aliyense amaganiza kuti mwana wokwawa ali ndi wina.

Magetsi akamathimathima, nyama ndiisunga bwanji?

Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi anayi. Firiji youmitsa, ikakhala yodzaza ndipo yosatsegulidwa, imatha kufika masiku awiri. Mdani wake ndi ana otsegulatsegula kufuna zoziziritsa kukhosi. Ine ndimasunga mabotolo a Mazoe a malita awiri kuyambira mu Okutobala, ndimathiramo madzi osadzadza kwambiri, n'kuwaumitsa magetsi akabwera. Amadzaza mipata ya m'firiji, amasunga nyama, ndipo akasungunuka ndi madzi ozizira akumwa. Zakumwa za ana ndimaziika m'ndowa ya madzi kunja kuti firiji isakhudzidwe.

Nyama musagule yonse nthawi imodzi. Igaweni m'timapepala ta mphika umodziumodzi, kuti musamasungunule mulu wonse pofuna kachidutswa. Nkhuku yachikuda njabwino kuigula yamoyo, imadzisunga yokha. Ndipo luso la amayi athu lowamba nyama pamoto itathiridwa mchere silinathe ntchito.

Mayunitsi a magetsi a ZESA gulani sabata isanafike ya chikondwerero, n'kuwonjezera pa amene mumagula masiku onse. Alendo amabwera ndi mafoni, ketulo imawira kasanu m'mawa umodzi, ayironi siizizira. Tochi ndi nyale ya sola zikhale pamalo amodzi odziwika kwa onse. Kandulo m'chipinda chogona ana ayi.

Gasi kapena mbaula?

Zonse ziwiri, chifukwa mphika wa nsima ya anthu 12 ndi wa nyemba zimamaliza gasi msanga. Gasi akhale wa tiyi, mpunga ndi zokazinga, mbaula ikhale ya zochedwa kupsa. Kadzazitseni silinda pasadakhale. Mukailumikiza, pakani thovu la sopo polumikizirapo ndi papaipi. Pakatuluka timathovu ndiye kuti pakudontha, musayatse. Makala asungeni pouma, pamwamba pa njerwa.

Mvula ikakupezani mukuphika, mbaula ipite pakhonde, osati m'nyumba yotseka mawindo. Utsi wa makala umene umapha sununkha ndipo suoneka. Munthu amangomva mutu, kenako tulo.

Nyumba ili ndi zipinda zogona ziwiri, koma akubwera apongozi, atsibweni, achemwali ndi amuna awo, ndi ana asanu. Ndiwagoneka bwanji osalakwira mwambo?

Funso ili ndi limene limasowetsa tulo kuposa la ndalama. Kumudzi silivuta: anyamata ali ndi mphala yawo, atsikana ali ndi gowelo, mkamwini ali ndi nyumba yake kutali ndi ya apongozi. Kuno tonse tathithikana pansi pa denga limodzi, bafa limodzi, koma ulemu uja sunasinthe. Mkamwini sangapingasane ndi apongozi ake aakazi pakhomo pa bafa atangokulunga thaulo.

Njira imene yandithandiza ndi kuiwala za maanja kwa masiku amenewo. Amayi onse ndi ana aang'ono chipinda chimodzi. Abambo ndi anyamata pabalaza. Chipinda chinacho chipite kwa wamkulu kuposa onse, kaya ndi agogo kaya ndi apongozi, pamodzi ndi mdzukulu wowatumikira. Eni nyumba ndiye oyamba kutsika pabedi. Zimenezi zikambidwe pafoni anthu asananyamuke, ndipo amene aziuza akuluakulu akhale mwana wawo, osati mtengwa kapena mkamwini. Mwana wawo akanena kuti, "Amayi, inu mugona muno ndi mdzukulu wanu, ife tigona uko," palibe amene amakhumudwa. Mawu omwewo akatuluka m'kamwa mwa mtengwa, nkhani imakafika kumudzi.

Kusamba kukhale ndi ndondomeko yake: akuluakulu aamuna m'mamawa, kenako akuluakulu aakazi, ana masana kukatentha. Mangani chingwe pakona ya chipinda, mukolekepo chitenje kuti pakhale povalira. Khomani misomali ingapo kuseri kwa chitseko yokolekapo zikwama, chifukwa chikwama chokhala pansi chimadya malo a munthu. Mipando ya pabalaza yosafunika ipite kwa aneba kapena pansi pa shedi. Thebulo la galasi lija, libiseni ndithu.

Matiresi, mphasa ndi mabulangete ziwerengeni lero, osati tsiku lofika alendo. Zoperewera bwerekani, kapena uzani obwera pagalimoto kuti anyamule zawo. Mabulangete chapani tsiku loyamba lomwe dzuwa lawala, chifukwa mu Disembala bulangete limatha masiku atatu pachingwe n'kuyamba kununkha chinyontho.

Ife timachita lendi chipinda chimodzi. Tingalandire alendo?

Mungalandire, koma yambani mwalankhula ndi eni nyumba. Auzeni chiwerengero ndi masiku, ndipo mudzipereke nokha kuwonjezera ya magetsi ndi kutsuka chimbudzi masiku amenewo. Mikangano yambiri ya alendi mu Januwale imayambira pa alendo a Disembala amene sananenedwe. Ndiye musachite manyazi kuitana abale kudzadya masana n'kubwerera madzulo. Banja likhoza kugawana: ogona apite kwa amene ali ndi malo, chakudya chiphikidwe kwa amene ali ndi bwalo, inu mubweretse mpunga.

Nyumba yadzaza ndi katundu, koma agogo salola kuti titaye kanthu. Nditani?

Musataye kanthu ka agogo iwo kulibe. Ine ndinatsala pang'ono kutero. Pansi pa bedi lawo panali sutikesi yachitsulo ya dzimbiri, yomangidwa ndi lamba wa njinga, ndipo ndinali nditaikokera kale pakhonde pamulu wa zotaya. Anandipeza ndikupukuta manja. Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kunena kuti, "Tsegula, mwana wanga." Munali chitupa chawo chakale cha nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, pamene anabwera kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Munali buku la nyimbo la Chinyanja lopanda chikuto, makalata atatu ochokera kwa mlongo wawo, ndi khadi la sosaite ya maliro lodindidwa mwezi ndi mwezi. Tsiku limenelo sitinakonzenso kanthu. Adzukulu amene amangoyankha m'Chishona anakhala phee kumvetsera mayina a midzi imene sanaionepo.

Ndiye katundu wa akuluakulu muziunika nawo pamodzi, ndipo konzekerani kuti zitenga tsiku lonse. Malo enieni mudzawapeza mwa katundu wanu: zovala zimene ana anakula nazo, nsapato za phazi limodzi, wailesi yakufa, mapoto obooka, makatoni a zinthu zimene munagula kalekale. Zovala zabwino patulani za kumudzi kapena za kutchalitchi. Zitsulo zili ndi ogula, amayenda ndi zingolo m'misewu, ena ali ku Siyaso. Mapepala ofunika, ziphaso, makalata obadwira, makadi a kuchipatala, aikeni m'pepala la pulasitiki losalowa madzi, pamwamba pa wadiropu, kumene manja a ana ndi a alendo safika.

Nsikidzi ndi mphemvu ndithana nazo bwanji alendo asanafike?

Nsikidzi sizisankha nyumba yauve kapena yaukhondo, zimayenda m'zikwama ndi m'zovala. Kaunjika wa ku Mupedzanhamo amene mwagulira ana, asanalowe m'kabati achapidwe ndi madzi otentha ndi kusitidwa, makamaka m'misoko. Bedi kapena mpando wogula kwa munthu uunikeni m'ming'alu ndi tochi muli panja. Matiresi atulutseni padzuwa, mitengo ya bedi ithireni madzi owira. Mphemvu zimatsata nyenyeswa ndi chinyontho, ndiye mbale zisagone zosatsuka.

Chenjezo langa lalikulu lili pa mankhwala. Pali mapiritsi ofukizira chimanga m'nkhokwe, ndi mankhwala ena a kumunda, amene anthu amagulitsa m'misewu m'timabotolo topanda dzina, amvekere amapha nsikidzi tsiku limodzi. Amaphadi, koma mpweya wake umaphanso anthu, ana ndiye msanga. Musawalowetse m'nyumba yogona anthu. Gulani olembedwa kuti ndi a m'nyumba, mupopere kudakali sabata ziwiri, mawindo akhale otsegula. Mankhwala a makoswe achotseni pansi ana a alendo asanafike.

Zinthu za mukando zabwera zambiri. Ndizisunga pati?

Mukando, umene kwathu tingauyerekeze ndi chipereganyu, ndi wabwino chifukwa Disembala amakupezani muli ndi mafuta ophikira, shuga, mpunga, ufa ndi sopo. Vuto ndi loti zikaunjikidwa poonekera zimatha ngati mchere m'madzi. Tsiku lomwe zafika, zigaweni patatu: za chikondwerero, za Januwale, ndi zopatsa abale. Za Januwale zitsekereni m'katoni, mumange, muike pansi pa bedi lanu. Amene sanazione sazipempha.

Matumba a ufa ndi mpunga asakhudze simenti kapena khoma, akhale pathabwa, apo ayi achita nkhungu. Sopo ndi palafini zikhale kutali ndi ufa, chifukwa nsima yonunkha sopo palibe ndiwo imene ingaipulumutse. Mpunga wa Kilombero umene abale abweretsa kuchokera ku Karonga uikeni m'ndowa yotseka bwino, anankafumbwe amaukonda ngati mmene timaukondera ife.

Ndalama ndizigawa bwanji kuti Januwale asatipweteke?

Fizi, yunifolomu ndi lendi ya Januwale zichoke kaye, zikhale kumene simungazifikire msanga. Zotsalazo ndiye za Khirisimasi. Sukulu zimatsegulira Januwale asanafike pakati, ndipo mphunzitsi wamkulu safunsa kuti munadya mbuzi kapena nkhuku.

Sungani madola aang'onoang'ono osang'ambika. Chenji chimavuta, kaya mukugula ndi dola ya ku America kaya ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, ndipo wogulitsa tomato sangakuphwanyireni madola 20. Abale amene akubwera auzeni mosabisa choti abweretse. "Achimwene, inu mutigwirire gasi ndi nkhuku ziwiri" ndi mawu abwino kuposa kumwetulira masana n'kumadandaula usiku. Obwera kuchokera ku Joni kudzera pa Beitbridge amafunsa okha kuti kukusowa chiyani. Ayankheni zoona, asakubweretsereni maluwa apulasitiki pomwe mulibe mafuta.

Chaka chino tikupita kumudzi ku Malawi. Nyumba tiisiye bwanji?

Nyumba yamdima sabata ziwiri imadziitanira akuba. Pezani wachibale wodalirika agonemo. Zikakanika, uzani neba mmodzi yekha, mumusiyire kiyi wa geti, azisesa pabwalo ndi kuyanika kansalu pachingwe kuti pazioneka pali anthu. Zithunzi za ulendo musaziike pa Facebook kapena pa WhatsApp mudakali konko. Zimitsani zonse pakhoma, tsekani gasi, ndipo yang'anani kawiri kuti mipopi yonse njotseka. Mpopi wouma timauiwala uli wotsegula, madzi n'kubwera usiku kulibe munthu. Firiji itheni, muitsuke, muisiye yotsegula pang'ono.

Za ulendowo, kuchoka pa depoti ya mabasi ya Roadport kapena ku Mbare kudzera pa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka pa Mwanza ndi Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, koma ndi zipata zinayi za malire, ndipo mu Disembala mizere imatalika. Ziphaso za aliyense, ndi za ana zomwe, ziunikeni mu Novembala ngati sizinathe masiku. Nyamulani maneti. Ana okulira mu Harare sanazolowere malungo a ku Tete, a kunyanja kapena a ku chigwa cha Shire. Mwana akatentha thupi mutabwerera, kamuyezetseni tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala kumene munali.

Ntchito yonseyi ndi ya mayi yekha?

Ayi, ndipo mayi amene amaisenza yekha amafika pa 25 ali wokwiya, osalowa n'kutchalitchi komwe. Mutu umodzi susenza denga. Lembani papepala, mumate kuseri kwa chitseko cha khitchini: anyamata madzi ndi zinyalala, atsikana ndi anyamata omwe mbale mosinthana, abambo denga, gasi, makala ndi kuwotcha nyama. Mlendo wa tsiku loyamba ndi mlendo. Wa tsiku lachitatu mpatseni chigubu.

Zinyalala musaziiwale, chifukwa galimoto yotola siidalirika masiku a tchuthi. Makoko ndi zotsala za ndiwo zikwirireni kudimba, mabotolo ndi zitini padera, matewera a ana m'thumba lomanga.

Nanga polishi ndi makatani?

Tsopano mwafika. Makatani chapani sabata yachiwiri ya Disembala. Cobra wofiira wa pakhonde pakani madzulo a pa 23, ana atagona, mupukute m'mawa ndi bulashi ndi kansanza ka bulangete. Pakani wochepa. Khonde lonyowa ndi mvula lili ndi polishi wambiri linagwetsapo azakhali anga ali ndi beseni la thobwa m'manja, ndipo mpaka lero nkhaniyo imakambidwa chaka chilichonse.

Chaka chatsopano chadutsa koma alendo ena sakuonetsa zonyamuka. Ndinene bwanji?

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame ena amafika mu Febuluwale. Mankhwala ake ndi kufunsa tsiku lobwerera pa foni yomwe ija yokambirana za kubwera, ngati gawo la kukonzekera: "Mudzanyamuka liti, kuti tikusungireni malo m'basi?" Ngati munaiwala kufunsa, kutsegulira kwa sukulu kukuthandizani. Yambani kusita mayunifolomu pabalaza, mubweze thebulo la ana lowerengera pamalo pake, mubweze matiresi obwereka kwa eni ake. Amene akusowa ya basi amachita manyazi kunena, ndiye mufunseni pambali, inu awiri. Ngati ndi wachinyamata amene wabwera ndi maganizo ofuna ntchito mumzinda, imeneyo si nkhani ya tchuthinso. Itanani atsibweni ake, mukhale pansi, mugwirizane kuti akhala kwa yani, mpaka liti, ndipo azithandiza chiyani pakhomo.